ANyaGoma Sanabwere Kudzalonda Geti

Dzina lawo lenileni ndi Eneless Goma, koma mukafika pa boma la Chama n'kufunsa dzina limeneli anthu amangoyang'anana. Munene kuti aNyaGoma a mpunga, pamenepo aliyense akulozerani khonde la sitolo ya simenti, moyang'anana ndi pokwerera mabasi a ku Lundazi. Ndi mayi wamtali, wa imvi zambiri ndi mikono yolimba, ndipo mawu awo amamveka ngakhale chigayo chikulira.

Anabadwira ku Chifunda, kuchigwa cha Luangwa, ndipo anakwatiwa komweko ndi a Meshack Zimba. Mwa ana onse amene anabereka, amene anakula ndi mmodzi yekha, Purity. Mtsikanayu anali wanzeru kusukulu, makolo ake anamulimbikira mpaka anakhala mphunzitsi pa boma. Kumeneko anakwatiwa ndi Kenneth, mnyamata wa ku Kabwe amene anatumizidwa kudzagwira ntchito mu ofesi ina yaboma.

A Meshack atamwalira, aNyaGoma anapitiriza kulima okha, chimanga kumtunda, mpunga kudambo. Ku Chifunda kulima n'kulimbana ndi nyama zakuthengo. Ankamenya zitini, ankafukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe monga amachitira aliyense, ndipo zaka zambiri ankapulumutsako chakudya chokwanira. Koma chaka china, chimanga chitabereka bwino kuposa kale lonse, anagwidwa ndi malungo nagona m'nyumba. M'mawa umene anadzuka n'kupita kumunda akudzikoka, anapeza njovu zitamaliza. Mapesi anali atagona ngati padutsa madzi osefukira, ndipo ndowe zinali mbwee mpaka kumalire.

Sanalire. Anatola zimanga zochepa zimene zinatsala, anazimanga pachitenje, n'kulunjika kwa mlongo wawo wamkulu, a Adam, amene anawapeza akusoka thumba pakhomo.

"Alongo, ine ndatopa kulimira njovu," anatero aNyaGoma. "Ndiyenda ku boma."

"Kukaona mwana?"

"Kukakhala."

A Adam anaika singano pansi. "Pa msinkhu wanuwu? Ku boma kulibe munda, kulibe dambo. Nkhalamba ikapita kumene kuja imangosanduka mlonda wa nyumba ya ana. Khalani, ife tilipo, chimanga tidzakugawirani."

"Chaka chino mundigawira. Chaka chamawa mundigawiranso? Ine manja ndili nawo. Ndikufuna malo amene ndikagwira ntchito sizidzabwera nyama kudzadya."

Anthu a m'mudzi anakamba zambiri, ena kuti imfa ya a Meshack yawasokoneza mutu. Iwo anagawa nkhuku zawo, khasu anapatsa mkazi wa a Adam, n'kukwera lole imene inkanyamula matumba a mpunga. Anakhala pamwamba pa katunduyo ndi kachikwama ka zovala ndi lichero lawo lakale, fumbi likuwakuta njira yonse.

Purity anawalandira ndi chimwemwe chenicheni. Nyumba yake inali ya malata, ya magetsi, yozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Anawapatsa chipinda chawochawo ndi bedi la matiresi. "Manje mwapumula, Amama," anatero. "Mwavutika mokwanira. Pano simugwira chilichonse."

Ndipo sanagwiredi chilichonse. M'mawa Kenneth ankapita ku ofesi, Purity kusukulu pamodzi ndi mwana wawo Tamala, geti n'kutsekeka. Zovala ankachapa mayi wantchito amene ankabwera n'kupita mosalankhula zambiri. ANyaGoma akasesa pabwalo, posakhalitsa posesa patha. Akayatsa tivi, anthu ake ankalankhula Chingerezi. Ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana khoma. Miyendo inayamba kutupa, chakudya chinasiya kukoma, tulo tinkabwera masana.

Kuseri kwa khomalo kunkamveka chigayo. Anachimvera kwa nthawi, kenaka tsiku lina anamanga chitambala kumutu, anatsegula geti n'kutsatira phokosolo.

Boma limene ankalidziwa, pamene ankabwera ndi a Meshack kudzagula mchere kapena kubweretsa mwana kusikelo, linali la masitolo owerengeka ndi msewu wafumbi. Tsopano anapeza lina. Mbali zonse anthu ankamanga. Milu ya mchenga ndi njerwa inatsekereza njira, amisiri ali pamwamba kukhoma malata. Njinga zamoto zinkadutsana ngati mavu. Apa wina akuwotcherera mafelemu a mawindo, apo zovala zakaunjika za salaula zapachikidwa pa chingwe, pafupi pake ometa tsitsi atsegula nyimbo mokweza. Anamva Chisenga, Chitumbuka, Chinyanja, Chibemba, zonse pa msewu umodzi. Munthu wina akanachita mantha. Iwo anaima pakati pa zonsezo n'kuyamba kuseka okha, pakuti kuchokera pamene anafika, aka kanali koyamba kumva kuti magazi akuyenda.

Kuseri kwa chigayo cha mpunga anapeza amayi atakhala pamasaka, akupeta mpunga wa amalonda amene ankautumiza ku Lundazi ndi ku Chipata. Wamkulu pakati pawo anali Peggy, mayi wonenepa wa ku Kambombo, wamasiye nayenso, wosachedwa kuseka ndi kukalipa komwe. ANyaGoma anapereka moni n'kukhala pambali. Ataonerera kwa kanthawi manja anawayabwa.

"Bwerekeniko lichero, ndikuthandizeni," anatero.

Peggy anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zatsopano zimene Purity anawagulira. "Inu si amake aticha aja? Mudetsa zovala."

"Zovala amachapa. Bweretsani."

Anapeta mpaka dzuwa litapendeka. Pochoka Peggy anawauza kuti mawa abwere ndi lichero lawo, chifukwa mpunga unali wambiri kuposa manja.

Anabwerera kunyumba ali mbuu, mankhusu m'tsitsi ndi m'nsidze, njala ikuwaluma mokoma. Purity ataona anangoti kukamwa yasa. Anawachonderera kuti asapitenso, iwo anangoti amva, m'mawa mwake n'kupitanso. Zinatero mpaka nkhani inafika ku tchalitchi ndi ku ofesi. Amene anaifalitsa kwambiri anali Beatrice, mkazi wa mnzake wa Kenneth, amene nyumba yake inali yoyandikana ndi ya Purity.

Madzulo ena Kenneth anapempha kuti akhale pansi onse. ANyaGoma anakana sofa, anakhala pamphasa chammbali, nkhope ataloza kukhoma monga amachitira munthu pamaso pa mpongozi wake.

"Amama," anayamba Kenneth mofatsa, "ine ndimakulemekezani. Manje anthu akukamba. Akuti Kenneth amayenda pa galimoto ya ofesi koma apongozi ake akupeta mpunga wa anthu kuseri kwa chigayo. Akuti sitikudyetsani. Chimene mukusowa n'chiyani? Nenani, tigula."

"Atate ake a Tamala," anayankha osatembenuka, "pakhomo panu sindinagonepo ndi njala, ndipo amene anganene zimenezo ndi wabodza. Koma ine sindinachoke ku Chifunda kudzalonda geti. Kumene kuja ndimapeza anthu, ndimatuluka thukuta, usiku ndimagona. Kupeta mpunga si kuba."

"Koma manyazi, Amama," anatero Purity, misozi ili m'maso. "Ana a m'kalasi mwanga amakuonani."

"Azindiona. Mpunga umene amadya kwawo amaganiza kuti umapetedwa ndi ndani?"

Nkhaniyo inathera pomwepo popanda kugwirizana. M'mawa mwake Purity potuluka anakhoma geti ndi loko kunja, n'kutenga kiyi. Ali kunja kwa geti anafuulira mayi ake kuti akuba achuluka masiku ano, ndipo wantchito sabwera lero.

ANyaGoma anagwedeza getilo, anaona kuti n'zoona. Anaima pabwalo mtima ukuwawa kwambiri, chifukwa mwana amene anamubereka ndi kumusenza kumsana ndiye anawatsekera ngati mbuzi. Kenaka anaona mgolo wamadzi pafupi ndi bafa. Anataya madziwo pa maluwa a Purity, anagubuduza mgolo mpaka kukhoma, anaponya lichero kunja, anakwinya chitenje n'kukwera. Atafika pamwamba, mwendo umodzi uku wina uko, anaona Beatrice ali pakhomo pake ndi tsache m'manja, maso ali tong'o.

"Mwauka bwanji, amake Jeff?" anatero aNyaGoma. "Muonetsetse bwino, kuti pokafotokoza musasiyeko kanthu."

Anatsikira kunja mogwa, bondo linasupuka, chitenje chinang'ambika. Anadzipukuta, anatola lichero n'kumapita akutsimphina.

Masana Purity anafika kuchigayo ali wefuwefu, choko chikadali m'manja. Beatrice anali atamuimbira foni. Anaiwala kuti pali anthu.

"Amama, mukufuna kundipha? Mukanathyoka msana anthu akanati chiyani? Tiyeni kunyumba manje manje!"

Amayi onse anasiya kupeta. ANyaGoma anaimirira pang'onopang'ono.

"Iwe Purity, ndinakutsekerapo m'nyumba ine? Pamene unkati ukufuna sukulu, abale ako akuti ukwatiwe, ndani anakutsegulira chitseko? Lero wandikhomera loko. Kunyumba kwako ndidzabwera kudzacheza ngati mlendo, koma kugona sindigonakonso."

Purity anabwerera akulira. Tsiku lomwelo Peggy anawatengera kwa a Gordon, mwini sitolo ya simenti ndi malata, amene anali ndi tizipinda ta lendi kuseri kwa sitoloyo. Kachipinda kamene kanali kopanda munthu kanali kakang'ono, ka windo limodzi, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena. ANyaGoma anakayang'ana n'kunena kuti n'kabwino, chifukwa loko wake adzakhala m'manja mwawo. Katundu wawo anakamutenga pa wilibala. Matiresi anawasiya, poti sanali awo.

Moyo wa pakati pa tauni sunali wofewa. Nyimbo za m'mabala zinkalira mpaka mochedwa, madzi ankatunga pamzere, ndipo nthawi yotentha kachipindako kankakhala ngati uvuni. Koma ankadzuka mabasi akuliza mahutala, ankamwa tiyi ndi vitumbuwa pakhonde akuonerera anthu okwera ndi otsika, ndipo posakhalitsa ankadziwa makondakitala, osoka nsapato ndi amayi a tomato ndi mayina awo. Anagula kafoni kakang'ono, Peggy n'kuwaphunzitsa kuyankha. Anthu a ku Chifunda obwera kuchipatala kapena kumaofesi anazolowera kusiya katundu wawo kwa aNyaGoma, ndipo amayi ena ankagona pansi m'kachipindamo poyembekeza lole yobwerera. Uthenga unafika kumudzi woti mayi uja amati wasokonezeka mutu ali ndi khomo lakelake pa boma.

Purity sanabwere kwa miyezi. Akakumana kutchalitchi ankapatsana moni ngati anthu ongodziwana, Tamala yekha ndiye ankathamangira agogo ake. ANyaGoma zinkawapweteka, koma sanapite kukapepesa, chifukwa sanaone chimene analakwa.

Chimene chinawagwetsa ndi fumbi la mankhusu. Anayamba ndi kutsokomola pang'ono, iwo n'kumati ndi chimfine. Peggy anawauza kuti apite kuchipatala, anakana. Tsiku lina kukutentha kwambiri, ali pakati popeta, lichero linawapulumuka, mpunga n'kumwazika, iwo n'kugwa chammbali akulephera kupuma. Peggy anaimitsa galimoto ya wamalonda wina n'kuthamangira nawo kuchipatala. Anawapeza ndi chibayo, anawagoneka.

Purity anafika asanathe n'kuwaika pabedi. Sananene za loko kapena za chigayo. Anawasambitsa, anawamwetsa phala, anagona pansi pambali pa bedi mpaka anayamba kupeza bwino. Adokotala powatulutsa ananena mosabisa kuti mapapo awo atopa, ndipo akabwereranso ku fumbi la mpunga adzabweranso ali pa machira.

A Adam nawo anali atafika kuchokera ku Chifunda. Tsiku lotuluka, awiriwo anaima uku ndi uku kwa bedi, aliyense ndi mawu ake okonzeratu.

"Mwaona manje," anatero a Adam. "Boma lakulavulani. Lole inyamuka mawa, nyumba yanu ndafolera udzu watsopano. Tiyeni kwanu."

"Ayi, amalume," anatero Purity. "Kumudzi chipatala chili kutali. Amama abwerera kwa ine. Chipinda chawo chili momwe anachisiyira."

Anakangana pamwamba pa mutu wawo ngati mwini wake palibe. ANyaGoma anawasiya mpaka atatopa, kenaka anadzuka n'kukhala tsonga, ali wowonda, mawu akutuluka movutikira.

"Mwatha? Alongo, zikomo pofolera nyumba, muikemo mwana wanu amene akufuna kukwatira. Purity, ndithandize kuvala nsapato. Ndikupita kuchipinda kwanga."

"Mukadya chiyani, poti kupeta akuletsani?" anafunsa a Adam.

"Andiletsa fumbi. Sanandiletse boma."

A Adam anatuluka akupukusa mutu. Purity anagwada n'kuyamba kuwaveka nsapato, misozi ikugwera pa mapazi a mayi ake.

"Ine ndinalimbikira sukulu kuti inu mudzapumule," anatero chapansipansi. "Ndinkakuonani mukubwera kudambo miyendo ili matope, ndinkalumbira kuti tsiku lina mudzakhala pa mpando. Manje mukukana chimene ndinavutikira."

ANyaGoma anamugwira pamutu. "Ndikudziwa, mwana wanga. Koma mpando wakowo unkandidwalitsa kuposa chibayo ichi. Ine ndi atate ako tinakutumiza kusukulu kuti uziima wekha. Ndisiye nanenso ndiime ndekha. Tsiku limene miyendo idzakana, ndidzakuitana ndi pakamwa panga."

Purity ndiye amene ananyamula chikwama mpaka kuseri kwa sitolo ya a Gordon. Analowa m'kachipindamo koyamba, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti windo likufunika katani.

Mphamvu zitabwerera, aNyaGoma anakambirana ndi Peggy. Anagwirizana kuti Peggy azipeta kuseri kwa chigayo, iwo azigulitsa mpunga woyera kale kutsogolo, kumene fumbi silifika. A Gordon anawalola kukhala pakona ya khonde la sitolo, poti anaona kuti anthu obwera kwa mayiyu amathera kugulanso misomali. Mpunga ankaitanitsa kwa alimi a ku Chifunda amene ankawadziwa minda yawo ndi mbewu zawo. Chaka chotsatira ngakhale a Adam anatumiza matumba awo pa lole, popanda uthenga uliwonse. Anthu okwera mabasi, aphunzitsi ndi anamwino opita ku tchuthi kwawo, anazolowera kuyamba aima pakhondepo kuti atengeko mpunga wa ku Chama wonunkhira.

Si zonse zimene zinakonzeka. Kenneth mpaka lero sanapondepo pakhondelo. Akamadutsa pa galimoto amapeza chinthu choyang'ana mbali inayo, ngakhale kuti pa Khirisimasi amatumiza nkhuku ndi moni waulemu. ANyaGoma chifuwa chimawavutabe nyengo yozizira. Koma Loweruka Purity amabwera ndi Tamala, amakhala pa thumba, ndipo makasitomala akachuluka amathandiza kuthira mpunga m'mapepala. Ana a m'kalasi mwake akamadutsa amawayankha moni osabisa nkhope.

Pamene tauni inkakulira chakumadzulo, aNyaGoma ndi Peggy anapeza mapuloti oyandikana kumapeto kwenikweni, kumene kukadali zitsa ndi ziswe. Anaumba njerwa ndi manja awo, Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Zoyambazo mvula yoyambirira inazipeza zisanawotchedwe, zonse zinasungunuka n'kubwerera kudothi. Peggy anakhala pachulu n'kulira. ANyaGoma anatukwana mitambo m'Chisenga, anadikira chilimwe n'kuumbanso. Tsopano khoma lafika pa mawindo, denga kulibe.

Chaka chatha a Adam anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo mlongo wawo anawatengera kupulotiko. Mkuluyo anazungulira nyumbayo akugogoda njerwa ndi ndodo, anasuzumira m'zipinda, kenaka anakhala pa mulu wa mchenga.

"Njerwa zake n'zabwino," anavomera. "Koma mukuvutikiranji, mlongo wanga? Ine ndi inu tatsala pang'ono. Mukadzamwalira tidzabwera ndi lole kudzakutengani, mukagone pafupi ndi a Meshack. Malo tinakusungirani."

"A Meshack ndinakhala nawo bwino, ndipo ali ndi abale awo ambiri owazungulira, sasungulumwa," anatero aNyaGoma. "Ine mudzandiika konkuno. Purity ndamuuza, Peggy ndamuuza, abusa ndawauza. Mukadzabwera ndi lole, mudzabwere nayo itadzaza mpunga wodyetsa anthu pamaliro."

A Adam anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa kuti chipinda chaching'ono chakumapetocho n'cha ndani.

"N'cha aliyense wa kwathu amene wabwera kuchipatala," anayankha. "Inunso maso akapitiriza kuvuta mudzagona momwemo. Manje dzukani pamchenga wangapo, mukuumwaza, amisiri abwera Lachiwiri."